Lysosome: Kugaya Kumene Kumachitika M'kati mwa Selo

Mukafunsa mwana wa sukulu kuti chakudya chimagayidwa kuti, adzakuyankhani bwino ndithu: m'kamwa, m'chifu ndi m'matumbo. Mbamu ya nsima ikangolowa m'kamwa, malovu amayamba kusungunula sitachi wa chimanga. M'chifu muli asidi waukali ndi enzaimu yotchedwa pepsin, imene imadula mapuloteni a usipa kapena nyemba. M'matumbo aang'ono mumathiridwa ndulu yochokera kuchiwindi ndi madzi ena ochokera ku pancreas, ndipo pofika kumapeto kwa matumbowo sitachi wasanduka shuga, mapuloteni asanduka ma amino acid, mafuta nawo aphwanyika. Zonsezi zimadutsa khoma la matumbo n'kulowa m'thupi. Yankho limeneli ndi loona, koma ndi theka chabe la nkhani.

Njira ya chakudya, kuyambira pakamwa mpaka potulukira, ndi mpita wotseguka uku ndi uku. Chakudya chikakhala m'chifu kapena m'matumbo chimakhala chisanalowe m'selo lililonse la thupi. Maselo a m'mbali mwa mpitawo amangothira asidi ndi maenzaimu, kugaya n'kumachitikira panja pawo. Koma pali kugaya kwina kumene kumachitikira m'kati mwa selo lenilenilo, usana ndi usiku, kaya mwadya kaya mwagona ndi njala. Malo ake ndi timatumba ting'onoting'ono totchedwa ma lysosome. Pafupifupi selo lililonse la munthu lili nato, maselo ena ali nato mazanamazana, ndipo maselo ofiira a magazi akakhwima ndiwo amakhala opanda. Kathumba kamodzi kawirikawiri sikapitirira gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita.

Mabuku ambiri a biology amaipatsa lysosome mzere umodzi kapena iwiri. Amati ndi chifu cha selo, kapena malo otayako zinyalala, basi n'kupita pa mutu wina. Ine ndikuona kuti kumeneko n'kuipeputsa. Zambiri zimene lysosome imagaya si nsima ya dzulo ayi, ndi thupi lathu lomwe. Komanso matenda ena amene amatha anthu kuno kwathu, monga malungo ndi chifuwa chachikulu, nkhondo yake imamenyedwera pa timatumba ta mtundu womwewu.

Kugayira m'kati mwa selo ndiko kwakale. Amoeba, kamoyo ka selo limodzi kopezeka m'zithaphwi, kalibe kamwa kapena matumbo. Kakakumana ndi bakiteriya kamamukulunga ndi thupi lake n'kumutsekera m'kathumba, kenako kathumbako kamalumikizana ndi tina tokhala ndi maenzaimu, bakiteriyayo n'kusungunuka. Siponji wa m'nyanja ya mchere, ngakhale ali ndi maselo ochuluka, amadyabe motero mpaka lero. Matumbo anabwera pambuyo, nyama zitayamba kudya zinthu zazikulu zosatheka kumezedwa ndi selo limodzi. Komabe njira yakale ija sinatayidwe. Mu 1882, ku Messina m'dziko la Italy, Élie Metchnikoff analasa ana a kanyama ka m'nyanja kotchedwa starfish ndi minga, ndipo m'mawa mwake anapeza maselo oyendayenda atazinga mingayo. Anazindikira kuti nyama zili ndi maselo odya adani monga momwe amoeba amadyera chakudya chake. Analandira mphoto ya Nobel mu 1908, koma chimene chimagaya zomezedwazo m'kati mwa selo chinadzadziwika patapita zaka zoposa 70 chichitikireni za mingazo.

Chimene anachipeza m'firiji

Amene anachipeza sankachifuna n'komwe. Christian de Duve wa ku Belgium ankafufuza momwe insulin imagwirira ntchito m'chiwindi, pa yunivesite ya Louvain. Njira yake inali kusinja chiwindi cha khoswe, kuika phalalo m'makina ozungulira mwaliwiro otchedwa centrifuge kuti zolemera zikhale pansi zopepuka zitsale pamwamba, kenako n'kuyeza kuti enzaimu yakutiyakuti yapita gawo liti. Kumapeto kwa 1949 gulu lake linayeza enzaimu yotchedwa acid phosphatase m'chiwindi chimene linachisinja mosamala, ndipo mphamvu yake inapezeka kuti inali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a zimene ankayembekezera. Anasunga zoyezazo m'firiji. Patapita masiku asanu anayezanso, ndipo mphamvu ya enzaimu ija inali itabwerera.

Wina akanangoti panalakwika poyeza, n'kupitiriza za insulin. De Duve anaika insulin pambali n'kulondola chodabwitsachi. Anaganiza kuti enzaimuyo inali yotsekeredwa m'kachikopa, moti sinkakhudzana ndi mankhwala oyezera, ndipo masiku a m'firiji aja ndiwo anabowola kachikopako. Anayesa kuphulitsa dala timatumba tosaonekato, nthawi zina poumitsa ndi chisanu kenako n'kusungunula, nthawi zina posinja mwamphamvu kapena pothira mankhwala onga sopo, ndipo enzaimu inkatulukadi. Pofika 1955 anali atapeza maenzaimu asanu okhala pamodzi, onse ophwanya zinthu, onse okonda asidi, ndipo m'chaka chomwecho dzina loti lysosome linasindikizidwa koyamba. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti mpaka apo panalibe amene anali ataizindikira ndi maso. Anaipeza ndi manambala a zoyeza ndi kulingalira basi. Zithunzi zoyamba za pa maikulosikopu ya ma electron zinatuluka mu 1956, ntchito imene anaigwira ndi Alex Novikoff wa ku America. Mu 1974 de Duve analandira mphoto ya Nobel limodzi ndi Albert Claude ndi George Palade.

Lero tikudziwa kuti m'kathumba kameneka muli maenzaimu a mitundu yoposa 50. Ena amadula mapuloteni, ndipo odziwika kwambiri mwa iwo ndi ma cathepsin. Ena amaphwanya mafuta, ena amamasula shuga wolukanalukana, ena amasungunula DNA ndi RNA. Nanga selo, poti nalonso linapangidwa ndi zinthu zomwezo, silidzigaya bwanji lokha?

Chitetezo chachikulu ndi asidi. Asayansi amayeza ukali wa asidi ndi muyeso wa pH: 7 ndiye pakati, nambala ikamatsika ndiye kuti asidi akukula, ndipo kutsika ndi 1 ndi kuwirikiza ka 10. Madzi a m'selo ali pa 7.2, pamene m'kati mwa lysosome muli pakati pa 4.5 ndi 5, kutanthauza asidi wowirikiza koposa ka 100. Asidi ameneyu sabwera yekha. Pa kachikopa ka lysosome pali mapampu a puloteni amene amadya mphamvu ya selo pokankhira ma proton m'kati mosalekeza. Maenzaimu ambiri a mmenemo amagwira bwino ntchito pamene pali asidi pokha, choncho ochepa akadontha n'kugwera m'madzi a m'selo amafooka. Chifu chathu chimayendanso chimodzimodzi, kungoti asidi wake ndi waukali kwambiri, pH yake imatsika kufika pa 2 kapena kuchepera apo, ndipo pepsin ikafika m'matumbo, mmene asidi wazimitsidwa, imaleka kudula. Kuwonjezera apo, kachikopa ka lysosome kanakutidwa m'kati ndi mapuloteni ovala shuga wochindikala amene maenzaimu amavutika kuwaluma, ndipo maenzaimu ambiri amapangidwa ali ogona, n'kudzadzutsidwa akafika pamalo a ntchito.

Kufika pamalopo nakonso kuli ndi dongosolo lake. Maenzaimu amapangidwa kwina m'selo n'kudutsa m'chigawo chotchedwa Golgi, komwe amaikidwa chizindikiro cha shuga wotchedwa mannose-6-phosphate. Chizindikirocho ndicho chimawalozera ku lysosome. Ana obadwa ndi matenda osowa otchedwa I-cell disease maselo awo satha kuika chizindikirochi, ndiye maenzaimu ambiri amasochera n'kutayikira m'magazi, ma lysosome n'kutsala opanda zida.

Pamene matumbo asiyira

Kunena kuti lysosome ndi imene imagaya nsima m'mimba n'kulakwitsa. Mwa munthu wamkulu, pafupifupi chakudya chonse chimaphwanyidwa ndi maenzaimu a m'malovu, m'chifu, a pancreas ndi a pakhoma la matumbo, ndipo shuga ndi ma amino acid amalowa m'maselo kudzera m'timakomo tawo popanda kudutsa mu lysosome. Koma pali zakudya zina zimene sizingatipindulire lysosome ikapanda kumaliza ntchito imene matumbo anayamba.

Vitamini B12, wopezeka mu nsomba, nyama, mazira ndi mkaka, ndi chitsanzo chabwino. Chifu chimapanga puloteni yotchedwa intrinsic factor, imene imagwira vitaminiyu n'kuyenda naye mpaka kumapeto kwa matumbo aang'ono. Kumeneko maselo a pakhoma amameza zonse ziwiri pamodzi n'kuzipereka ku lysosome, imene imagaya puloteniyo, vitamini n'kumasuka. Akalowa m'magazi amagwidwa ndi puloteni ina, ndipo selo lililonse lomufuna limamezanso zonse ziwiri, lysosome n'kumumasula kachiwiri. Pali ana obadwa ndi vuto pa kakhomo kotulutsira B12 mu lysosome. Amatha kudya bwino, vitaminiyo n'kufika mpaka m'selo, koma amakakamira m'kathumba, mwana n'kumadwala ngati wosowa vitamini.

Cholesterol naye amadutsa pomwepo. Mafuta sasakanikirana ndi madzi, choncho m'magazi amayenda atakulungidwa m'timipira ta puloteni. Tina mwa timeneti ndi LDL, amene madokotala amayeza mwa anthu a vuto la mtima. Michael Brown ndi Joseph Goldstein, ku Dallas m'dziko la America, anaonetsa m'zaka za m'ma 1970 kuti selo lili ndi zogwirira zapadera zimene zimakola LDL, kumulowetsa m'kati ndi kumutumiza ku lysosome. Kumeneko puloteni imagayidwa, cholesterol n'kumasulidwa kuti akamange zikopa za selo ndi mahomoni ena. Selo likakhuta limachepetsa zogwirira zija. Anthu obadwa ndi zogwirira zosagwira amakhala ndi LDL wodzaza m'magazi ndipo mtima umawavuta akadali achinyamata. Ntchito imeneyi inawapatsa awiriwa mphoto ya Nobel mu 1985.

Koma nkhani imene imaonetsa kukula kwa ntchito ya lysosome ndi ya ayironi. Selo lofiira la magazi limakhala masiku pafupifupi 120. Likakalamba limamezedwa ndi maselo akuluakulu odya zinthu otchedwa ma macrophage, makamaka m'chiwindi ndi mu kapamba, uja amatupa mwana akamadwala malungo pafupipafupi. Maselo ofiira pafupifupi 2 miliyoni amathera pamenepo pa sekondi iliyonse. M'kati mwa macrophage, lysosome imagaya hemoglobin, puloteni ya m'maselo ofiira yokhala ndi ayironi, ma amino acid n'kubwerera kuntchito, ayironi n'kutumizidwa m'mafupa kukapanga magazi atsopano, ndipo chotsala chachikasu chimapita kuchiwindi n'kutuluka ndi ndulu. Pa tsiku thupi limafuna mamiligalamu 20 mpaka 25 a ayironi kuti lipange magazi, pamene matumbo amayamwa miligalamu imodzi kapena awiri okha kuchokera m'chakudya. Ena onsewo amachokera m'magazi akale. Zili ngati munthu wogumula nyumba yakale mosamala kuti njerwa zake amangire ina, n'kumangogula zochepa zolowa m'malo mwa zosweka. Bonongwe, nyemba ndi chiwindi n'zofunika kuti zibwezere zotayikazo, makamaka kwa amayi ndi ana, koma thupi likanadalira mbale yokha magazi akanatithera m'miyezi yochepa.

Ntchito zina ndingozitchula. Chithokomiro chimasunga homoni yake m'puloteni yaikulu, ndipo ndi lysosome imene imaidula kuti homoniyo ituluke. Maselo okumba mafupa amathira asidi ndi cathepsin K pa fupa lakale kuti pamangidwe latsopano. Mchira wa mbululu ukamafota posanduka chule, maselo ake amagayidwa m'ma lysosome ndipo zomangira zake zimagwiranso ntchito m'thupi.

Selo likamadzidya

Selo limathanso kugaya zigawo zake zomwe. Limapanga kachikopa katsopano, n'kuzinga nako mitochondria yotopa kapena mulu wa mapuloteni owonongeka, kenako kathumbako kamalumikizana ndi lysosome. De Duve anaitcha njira imeneyi autophagy mu 1963, koma kwa zaka pafupifupi 30 asayansi ankangoiona pa zithunzi osadziwa chimene chimaiyendetsa. Anatsegula njira ndi Yoshinori Ohsumi wa ku Japan, ndipo anagwiritsa ntchito yisiti, yemweyu wotupitsa buledi. Selo la yisiti lili ndi thumba limodzi lalikulu logwira ntchito ya lysosome. Ohsumi anatenga yisiti wopanda maenzaimu ogayira m'thumbalo n'kumumana chakudya. M'maola ochepa thumbalo linadzaza timipira tosagayika, toonekera ngakhale pa maikulosikopu wamba. Anafalitsa zimenezi mu 1992, ndipo chaka chotsatira gulu lake linapeza majini 15 oyendetsa ntchitoyi. Majini ofanana nawo anapezekanso mwa munthu. Ohsumi analandira mphoto ya Nobel mu 2016.

Phindu la kudzidyaku linaoneka poyera mu 2004, pamene gulu la Noboru Mizushima linafufuza ana a mbewa ongobadwa kumene. Mwana akabadwa, chakudya chodzera mumchombo chimaduka mwadzidzidzi, ndipo mkaka umakhala usanayambe kukwanira. M'maola amenewo autophagy imakwera kwambiri, makamaka mumtima ndi m'minofu yopumira. Ana a mbewa amene analibe jini imodzi yofunika pa ntchitoyi ankabadwa ooneka bwinobwino, koma ankafa lisanathe tsiku, ma amino acid atachepa m'magazi mwawo.

Tisaiunjikire lysosome ulemu wonse. Mapuloteni ambiri a moyo waufupi amaphwanyidwa ndi chida china chotchedwa proteasome, atayamba aikidwa chizindikiro cha ubiquitin, ndipo Aaron Ciechanover, Avram Hershko ndi Irwin Rose analandira mphoto ya Nobel mu 2004 chifukwa chofotokoza njira imeneyo. Lysosome ndiyo ya zinthu zazikulu, zolimba ndi zochokera kunja.

Chatsopano chimene chasintha maganizo a akatswiri kuyambira cha m'ma 2008 n'chakuti lysosome siimangolandira zimene yapatsidwa. Pakachikopa kake pamakhala gulu la mapuloteni lotchedwa mTORC1, limene limamva kuchuluka kwa ma amino acid. Akakhala ambiri, limalamula selo kuti likule ndi kumanga, autophagy n'kuchepa. Akasowa limazima, ndipo puloteni ina yotchedwa TFEB, imene gulu la Andrea Ballabio la ku Naples linaonetsa ntchito yake mu 2009, imalowa mu nucleus kukadzutsa majini opangira ma lysosome ena. Choncho zimene mwadya masana zikafika m'selo, chigamulo choti limange kapena ligumule chimaperekedwa pamwamba pa kathumba komweka.

Apa ndichenjezeko. Pa intaneti pafala uthenga woti kusala kudya maola akutiakuti kumatsuka maselo ndi kuchiza matenda osiyanasiyana, ndipo dzina la Ohsumi limatchulidwa ngati umboni. Ntchito ya Ohsumi inali ya yisiti, ndipo zambiri zotsatira zinachitika pa mbewa. Iye sanapereke ndandanda ya maola osalira kudya. Autophagy imathandiza selo kudutsa njala ya kanthawi, koma siilenga chakudya chatsopano. Njala ikapitirira, chimene chimadyedwa ndi minofu, monga tionera mwa ana onyentchera. Wodwala shuga amene ali pa mankhwala, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, ndi mwana, asatengeke ndi mauthenga oterewa.

Enzaimu imodzi ikasowa

Mu 1932 dokotala wa ku Netherlands, J. C. Pompe, anafotokoza za khanda limene linamwalira ndi mtima waukulu wodzaza glycogen, shuga amene thupi limasunga. Chifukwa chake chinadziwika mu 1963, pamene Henri-Géry Hers, mnzake wa de Duve ku Louvain, anapeza kuti ana otere alibe enzaimu imodzi ya mu lysosome yophwanya glycogen. Chinthu chikamalowa m'kathumba koma osagayika, chimaunjikana, kathumba n'kutupa mpaka selo kulephera ntchito. Lero matenda a mtundu umenewu akudziwika oposa 50. Mu matenda a Gaucher mafuta ena amaunjikana m'ma macrophage, kapamba ndi chiwindi n'kukula, mafupa n'kumapweteka. Mu matenda a Tay-Sachs amaunjikana m'maselo a ubongo, ndipo mwana amene anabadwa bwinobwino amayamba kubwerera m'mbuyo asanakwanitse chaka, kawirikawiri n'kumwalira asanapitirire zaka zisanu. Matenda alionse paokha ndi osowa, koma onse pamodzi amagwira mwana mmodzi mwa ana 5,000 mpaka 8,000 obadwa. Ambiri amabwera pamene bambo ndi mayi, onse athanzi, ali ndi jini yolakwika yofanana, ndipo pa mimba iliyonse mwana mmodzi mwa anayi akhoza kudwala. Palibe kholo limene linalakwa, ndipo palibe munthu amene anachita chipongwe.

Njira ya chithandizo inachokera pa zimene Elizabeth Neufeld ndi anzake anapeza mu 1968. Anasakaniza m'mbale imodzi maselo a odwala matenda awiri osiyana, a Hurler ndi a Hunter, ndipo maselowo anachiritsana: lililonse linkatulutsa enzaimu imene linzake linalibe, linzakelo n'kuimeza mpaka mu lysosome. Ngati selo lingameze enzaimu yochokera kunja, ndiye kuti ingaperekedwe m'diripi. Ntchito ya Roscoe Brady inafikitsa pa mankhwala oyamba a matenda a Gaucher mu 1991, ndipo a matenda a Pompe anavomerezedwa mu 2006. Mavuto alipo awiri. Enzaimu ya m'diripi siidutsa bwino kuchoka m'magazi kulowa mu ubongo, komanso mtengo wake umafika madola masauzande mazana pa chaka kwa wodwala mmodzi, moyo wake wonse. Kwa mabanja a m'mayiko osauka mankhwalawa alipo m'dzina lokha, ndipo chimenechi n'chinthu chowawa.

Malungo, kaodzera, TB ndi fumbi

Kachirombo ka malungo kakalowa m'selo lofiira kamadya gawo lalikulu la hemoglobin, ndipo kamagayira m'kathumba kake ka asidi kofanana ndi lysosome. Pogayapo pamatsala haem, chinthu chokhala ndi ayironi chimene ndi poizoni kwa kachiromboko. Kamadziteteza pomuumba kukhala timiyala takuda totchedwa haemozoin, timene Alphonse Laveran anationa m'magazi a odwala ku Algeria pamene anatulukira kachiromboka mu 1880. Chloroquine amadutsa zikopa mosavuta, koma akalowa m'malo a asidi amasintha n'kulephera kutuluka. Amaunjikana m'kathumbamo, n'kutsekereza kuumbidwa kwa timiyala tija, kachirombo n'kufa ndi zotsala za chakudya chake chomwe.

Tizirombo tina tinasintha puloteni ya pakachikopa ka kathumbako, yotchedwa PfCRT, kuti izitulutsa mankhwalawo, ndipo jini yake inadziwika mu 2000. Apo n'kuti chloroquine atasiya kale kuchiza ana ambiri, moti mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya n'kuyamba SP, amene ambiri timamudziwa kuti Fansidar. Chotsatira chake chinadabwitsa dziko lonse lapansi. Kusinthika kwa puloteni kuja kumafooketsa kachirombo pang'ono, ndiye chloroquine atachoka, tizirombo tosasinthika tinayambanso kuchuluka. Ku Blantyre, tosinthikato tinatsika kuchoka pa 85 mwa 100 mu 1992 kufika pa 13 mwa 100 mu 2000. Kafukufuku wa ana a ku Ndirande amene anafalitsidwa mu 2006 anapeza kuti chloroquine anachiza 99 mwa 100, pamene SP anachiza 21 okha. Zimenezi sizikutanthauza kuti munthu akagule chloroquine, chifukwa kumugwiritsa ntchito yekha kungabwezeretse vuto lomwe lija. Kuyambira 2007 mankhwala oyamba ndi LA, ndipo artemether wa mu LA nayenso amadzutsidwa ndi ayironi wa haem wotuluka pa kugaya komweku.

Kaodzera, amene amafalitsidwa ndi kashembe m'madera oyandikana ndi nkhalango za Nkhotakota, Kasungu, Vwaza ndi chigwa cha Luangwa, nkhani yake ndi yotembenuka. Mtundu wina wa kachirombo koyambitsa matendawa umadwalitsa ng'ombe koma sungakhale mwa munthu. Chifukwa chake ndi puloteni ya m'magazi mwathu yotchedwa APOL1, imene gulu la Etienne Pays la ku Brussels linaizindikira mu 2003. Kachirombo kamaimeza ngati chakudya, asidi wa m'timatumba take n'kuidzutsa, iyo n'kubowola zikopa, lysosome ya kachirombo n'kutupa mpaka kufa. Mtundu wa rhodesiense, umene unafotokozedwa koyamba mu 1910 mwa munthu amene anautenga ku Luangwa, uli ndi puloteni yake yomanga APOL1 isanagwire ntchito, n'chifukwa chake umadwalitsa anthu.

Bakiteriya wa TB akafika m'mapapo amamezedwa ndi macrophage monga mdani wina aliyense. Mu 1971, J. A. Armstrong ndi Philip D'Arcy Hart ku London anaonetsa kuti bakiteriya wakufa amakathera mu lysosome, koma wamoyo amaletsa kathumba kamene alimo kulumikizana nayo. Amaletsanso mapampu a asidi kufika pakathumbako. Motero amakhala ndi kuswana m'selo lomwe linayenera kumugaya. Thupi limagonjetsa chinyengochi pamene maselo a CD4 atumiza uthenga wolimbitsa macrophage, ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi padziko lapansi anatengapo kachiromboka koma ambiri sadwala. HIV imapha maselo a CD4 omwewo. Apa ndi pamene pagona ubale wa matenda awiriwa, komanso chifukwa chake ma ARV amachepetsa kwambiri TB.

Chimene lysosome imalephereratu ndi mwala. Fumbi losalala la silica, lotuluka pobowola kapena kuphwanya miyala, limalowa mpaka pansi pa mapapo, macrophage n'kulimeza. Palibe enzaimu yoligaya. M'malo mwake fumbilo limang'amba kachikopa ka lysosome, maenzaimu n'kutayikira m'selo ochuluka koposa zimene lingapirire, selo n'kufa litaitana anzake. Macrophage ina imameza kamwala komweko, nayo n'kufa. Zikapitirira kwa zaka, mapapo amadzaza zipsera zouma, munthu n'kumabanika ngakhale atasiya ntchito kalekale. Matendawa ndi silicosis, ndipo poti maselo akuthawo ndi omwe aja olimbana ndi TB, chifuwa chachikulu chimalowa mosavuta. Amuna ambiri a ku Malawi, Mozambique ndi Lesotho amene anapita ku Joni kudzera ku Wenela ndi Theba anabwerako nawo matendawa, ndipo mu 2018 makampani a migodi ya golide ku South Africa anavomera kupereka marandi 5 biliyoni a chipukuta misozi kwa odwala silicosis ndi TB.

Fumbi lomwelo lilipo lero m'makwale ndi m'mphepete mwa misewu, momwe amayi ndi achinyamata amaswa miyala ndi nyundo tsiku lonse. Zipsera za silicosis zikapangika palibe mankhwala ozichotsa. Inu amene mumaswa miyala, kapena mumalemba anthu ntchito imeneyi, thirani madzi pamwala musanaswe, khalani mbali imene mphepo ikuchokera, valani zophimba kumphuno zopangidwira fumbi osati kansalu wamba, ndipo ana asamasewere pafupi. Ngati munagwirapo ntchito mumgodi kapena m'kwale ndipo mukutsokomola kapena kubanika, pitani kuchipatala mukayezetse makhololo ndi kujambulitsa mapapo, ndipo mukawauze adokotala ntchito imene munkagwira.